Dziwe ndi Kamtsinje Kuseri kwa Nyumba: Nkhani Yokambidwa kwa Makanjira

Mafumu athu nonse amene mwalemekeza msonkhano uno, mashehe ndi abusa, alangizi a zaulimi ndi a zansomba, aphunzitsi, amayi ndi abambo, ndi inu anyamata mwaunjikana kumbuyoko, ndakupatsani moni nonsenu. Ine ndilankhula m'Chichewa. Agogo, mawu ena akakudutsani, amene mwakhala naye pafupiyo akunong'onezeni m'Chiyao, palibe amene adandaule.

Nkhani yanga lero ndi yokumba dziwe, limene ambiri mumati damu, kuseri kwa nyumba kapena kudimba, pamodzi ndi kamtsinje kothiramo madzi, ndi zomera zoti mudzale m'mbali mwake mpaka malowo aoneke ngati anadzipanga okha. Ndaona ena mwayamba kale kumwetulira. Funso lanu ndikulidziwa: munthu wa kwa Makanjira, nyanja ili pakhomo pake, akumbirenji dziwe?

Akuluakulu muli panonu mukukumbukira masiku amene chambo chinali ndiwo ya munthu wamba. Lero msodzi amachigwira, kuchiyang'ana, n'kuchipereka kwa wogula wa ku Blantyre, mwini wake n'kubwerera kunyumba ndi kamulu ka usipa. Ku nyanja ya Malombe chambo chinasowa mochititsa mantha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mpaka boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko, ma BVC amene nanu muli nawowa. Chimenecho ndi chifukwa chimodzi. China, chimene kwa ine chikuposa nsomba, ndi ichi. Mvula ikagwa m'mapiri a kum'mawaku, madzi amatsika ndi ukali, kukokolola minda, kugumula milatho ya msewu wopita ku Mangochi, n'kukathera m'nyanja atasenza chajira cha m'minda mwanu. Pofika Okutobala pakhomo pali gwaa, nthochi zafota, mpiru ukuchita kugulidwa pamsika.

Choncho pali mawu awiri amene ndiwabwereze mpaka mutope nawo: madzi achedwe. Achedwe pochoka padenga, achedwe podutsa pabwalo, achedwe m'ngalande, ndipo akafika padziwe akhale. Mphunzitsi wathu pa ntchito imeneyi ndi dambo. Dambo limalandira madzi othamanga, udzu ndi bango n'kuwagwira miyendo, matope n'kudikha, ndipo limawatulutsa pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Ife tikufuna kadambo kakang'ono pakhomo.

Ndili ndi mfundo zisanu. Yoyamba, malo ndi dothi. Yachiwiri, kamtsinje. Yachitatu, kakumbidwe ka dziwe. Yachinayi, zodzala ndi nsomba zoikamo. Yachisanu, likodzo, udzudzu ndi ana athu.

Mfundo yoyamba: malo ndi dothi.

Malo a dziwe sasankhidwa m'chilimwe. Amasankhidwa mvula ili mkati. Fundani thumba kumutu, tulukani, muone kumene madzi a padenga ndi a pabwalo akuthamangira, pamene akukumana, pamene akuima. Akale anati madzi saiwala khwawa. Mukakumba dziwe pamalo pamene madzi safikapo okha, mudzakhala kapolo wa chigubu. Mukalikumba m'kati mwenimweni mwa khwawa, mvula yoyamba yamphamvu idzadzaza mchenga, kapena kugumula khoma n'kupita ndi nsomba zanu. Dziwe likhale pambali pa njira ya madzi, motsikirako pang'ono, kuti muziwaitana mukawafuna n'kuwatsekera akachuluka.

Inu a m'mphepete mwa nyanja, kumbukirani 2024, pamene nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'boma lino la Mangochi. Pamene madzi anafika chaka chimenecho, adzafikanso. Kumbani kumtunda kwake. Dziwe loyandikana kwambiri ndi nyanja limaitananso ng'ona, ndipo dimba lobiriwira m'mbali mwake limaitana mvuu.

Litalikirane ndi chimbudzi komanso chitsime chomwa, mamita 30 kapena kupitirira. Lisagunde maziko a nyumba. Lisakhale pansi pa mtengo waukulu, chifukwa mizu imaboola khoma ndipo masamba akawolera m'madzi nsomba zimabanika. Madzi a nsomba amafuna dzuwa. Koma lisatalikirenso kwambiri moti simungalione muli pakhonde. Katumbu, ng'azi ndi munthu wa dzanja lalitali, onsewa amakonda dziwe la kutali ndi mwini wake.

Tsopano dothi, ndipo pano ndichedwapo, chifukwa kuno kwa Makanjira malo ambiri ndi mchenga, ndipo mchenga susunga madzi. Musanawononge mphamvu zanu, kumbani dzenje lofika m'chiuno. Tapani dothi la pansi penipeni, linyowetseni, muumbe kampira, mukaponye m'mwamba n'kukawakha. Kakamwazika, ndi mchenga umenewo. Kakakhala kamphumphu, kapotokoleni m'manja kakhale kachingwe, mukapinde. Kachingwe kakapindika osaduka, mwapeza dongo. Kuyesa kwachiwiri: dzazani madzi m'dzenjemo m'mawa, muwonjezere madzulo, muvundikire ndi masamba. Mawa lake mukapeza madzi ambiri akadalimo, malowo ndi abwino. Mukapeza mwauma, dothi lakuyankhani, musatsutsane nalo.

Amene muli pamchenga musataye mtima. Njira zilipo zitatu. Simenti ndi yodula, ndipo ikang'aluka mumangoona madzi akutsika osadziwa potulukira. Pulasitiki yakuda yokhuthala yoyala pansi imagwira ntchito, koma imaopa dzuwa, ziboda za mbuzi ndi khasu. Mukaigwiritsa ntchito, yalani mchenga wosefa pansi pake, ndipo m'mphepete mwake mukwirire ndi dothi ndi miyala isaoneke. Njira imene ine ndimaikonda ndi dongo, la kudambo kapena la pachulu. Amayi oumba mbiya muli pano mukuidziwa kale ntchitoyi kuposa ine, chifukwa dziwe ndi mbiya yaikulu yokwiriridwa pansi. Dongo mumalichotsa timiyala ndi mizu, kulinyowetsa, kulikanda mpaka linyadike, kenako kulimata. Padziwe mumakanda ndi mapazi. Yalani dongo lochindikala ngati m'lifupi mwa chikhatho, pondani, yalaninso lina, pondaninso, kufikira lifike masentimita 20, pansi ndi m'mbali momwe. Chosiyana ndi mbiya n'chakuti iyi sitiumika. Mukangomaliza kumata thirani madzi, chifukwa dongo likauma limang'aluka ndipo ntchito yonse yapita.

Tiwerengeko madzi, kuti pasakhale wonamizana. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pamalo a mita imodzi mbali zonse imapereka lita imodzi. Nyumba ya malata ya mamita 10 m'litali ndi 6 m'lifupi, chaka chimene kwagwa mvula ya mamilimita 800, imataya malita 48,000. Ndi zigubu 2,400 za malita 20 zimenezo, denga limodzi. Kadziwe ka mamita 5 ndi 4, kakuya mita imodzi, kamadzaza ndi malita 20,000. Madzi alipo. Koma dzuwa nalo limamwa. Masiku otentha limachotsa theka la sentimita patsiku, nthawi zina kupitirira. Pa kadziwe kaja ndi zigubu zisanu tsiku lililonse; pa dziwe la mamita 20 ndi 10 ndi zigubu 50. Muwerengere kuyambira Meyi mpaka Novembala, mupeza kuti mita yathunthu ya madzi yatha. Ndiye ndinene mosabisa: dziwe lodalira mvula yokha ndi la nyengo. Lidzadze mu Disembala, muike nsomba, mukolole cha mu Juni kapena Julayi, kenako pamatope otsalawo mudzale masamba. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Amene akufuna madzi chaka chonse apeze kasupe, mtsinje wosaphwa kapena pampu.

Mfundo yachiwiri: kamtsinje.

Anthu ambiri amakumba dziwe kaye, za kumene madzi adzachokere n'kumaziganiza pambuyo. Yambani ndi kamtsinje. Madzi ake angachokere padenga, pa kasupe wa m'munsi mwa phiri, pa ngalande yopatutsa mumtsinje, kapena pamjigo, pamene madzi otayika amangopanga chithaphwi cha abakha. Ngakhale madzi amene mumasamba m'manja ndi m'mapazi musanaswali, pa mzikiti waukulu ndi ambiri ndithu; aloze ku phando la nthochi. Madzi a sopo, ochapira ndi a kubafa, asalowe m'dziwe la nsomba. Amenewo nawo ndi a nthochi.

Za mtsinje ndichenjeze. Mtsinje si wa munthu mmodzi. Pali lamulo la madzi la 2013, ndipo kupatutsa madzi ambiri kumafuna chilolezo. Lamulo lisanafike n'komwe, pali anzanu a kumunsi amene amamwa ndi kuthirira madzi omwewo. Kambiranani ndi amfumu, mutenge gawo lochepa, osatseka mtsinje wonse.

Ngalande yowongoka ndi mdani. Madzi amathamangamo, kukumba pansi, ndipo pakatha zaka ziwiri muli ndi chigwembe pakati pa bwalo. Kamtsinje kanu kakhotekhote. Katsike pang'ono zedi, sentimita imodzi pa mita iliyonse n'kokwana. Amene munayezapo akalozera m'munda chida choyezera muli nacho kale. Ngati mulibe, paipi yoonekera mkati yothira madzi, imene amisiri omanga nyumba amagwiritsa ntchito, ikuonetsani pokwera ndi potsika. Pamene malo atsetsereka kwambiri, musalole madzi kutsetsereka nawo. Pangani masitepe: kachigawo kafulati, mwala wopingasa, madzi agwe masentimita 10 kapena 15 pa miyala ina yoyala pansi, ayendenso mofatsa, agwenso. Pogwa paliponse madzi amataya ukali wake ndipo amatenga mpweya umene nsomba zimapuma. Kaphokoso kake nakonso n'kokoma kumva madzulo, sindibisa.

Miyala tolani ya komwe kuno, ikuluikulu ndi ing'onoing'ono mosakaniza. Ikuluikulu ikani kunja kwa khona, kumene madzi amamenya. Mwala uliwonse muukwirire pang'ono, gawo limodzi la magawo atatu lilowe pansi, kuti usagubuduke komanso uoneke ngati unabadwira pomwepo. Chonde musaindandalitse pamzere n'kuipaka laimu. Pitani kumtsinje wa Lungwena kapena kakhwawa kalikonse ka kuphiri, mukhale pansi muone mmene madzi anaikira miyala yawo: apa itatu younjikana, apo umodzi wokha, pakati timiyala ndi mchenga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kamtsinje kasanalowe m'dziwe, kumbani kadzenje kofika m'mawondo, kotambalala. Apa ndi pamene madzi amapumira n'kusiya matope. Mvula ikatha mumafukula matopewo n'kukathira kudimba. Ndi chajira chimene chikanapita kunyanja. Pothira m'dziwe ikani sefa ya waya, kuti milamba ya kutchire ndi nsomba zina zosaitanidwa zisalowe. Ndipo chofunika kuposa zonse, pamwamba pa kadzenjeko siyani njira yolambalala, yoti tsiku la mvula yoopsa mutseke kolowera ndi thumba la mchenga, madzi adutse pambali. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anaphunzitsa dziko lonse kuchuluka kwa madzi amene angagwe m'masiku ochepa. Walira mvula walira matope. Mukaitana madzi pakhomo, muwakonzerenso potulukira.

Amene muli ndi sola, pali timapampu ting'onoting'ono totha kukweza madzi a m'dziwe kubwerera kumutu kwa kamtsinje, kuti kaziyenda ngakhale mu Seputembala. N'zabwino, koma dziwani kuti kopanda batire kamayenda masana okha, pamene mpweya m'madzi umachepa kwambiri m'bandakucha. Mukapeza nsomba zikuyasamula pamwamba pa madzi dzuwa lisanatuluke, zikubanika: lekani kuthira manyowa, muwonjezere madzi atsopano.

Mfundo yachitatu: kakumbidwe ka dziwe. Iyi ndidutsapo msanga, chifukwa alangizi a zansomba ali pano adzakuyezerani pamalo pomwepo.

Kumbani mvula itangotha, Meyi kapena Juni, dothi likadali lofewa, ndipo kumbani pagulu, lero kwa uyu mawa kwa uyo. Dothi lapamwamba lakuda liikeni padera, mudzalibwezere pakhoma pomaliza kuti udzu umere. Mbali yolowera madzi ikhale yosaya, masentimita 60 kapena 70. Mbali yotulukira ifike mita imodzi ndi theka ngati mungathe, kuti nsomba zizithawirako dzuwa ndi mbalame. Khoma musaliunjike kamodzi. Thirani dothi masentimita 15, nyowetsani, sinjani ndi chipika, thiraninso. Musakwiriremo zitsa, udzu kapena mizu, chifukwa zikawola zimasiya njira ya madzi. Pamwamba pa khoma papitirire madzi ndi masentimita 30, ndipo pakhale potakata moti munthu n'kuyendapo ndi ndowa kumutu. Ikani paipi yotayira madzi osefukira, yokhala ndi sefa, ndipo madzi otulukawo alowe m'dimba. Ali ndi manyowa kale.

Pa maonekedwe ndimasiyana pang'ono ndi mabuku. Mabuku amati dziwe likhale la ngodya zinayi, ndipo chifukwa chake n'chomveka: khoka limakokeka bwino. Kwa amene akukumba la malonda, la mamita 20 ndi 10, tsatirani zimenezo. Koma kadziwe ka pakhomo, kamene mudzakakhale pambali pake madzulo, kapatseni mbali imodzi yowongoka yokokera khoka, inayo ikhote momwe malo akhotera. Musadule mgwalangwa kapena kusuntha thanthwe pofuna mzere wowongoka. Lizungulireni.

Mfundo yachinayi: zodzala ndi nsomba zoikamo.

Dziwe longokumba kumene ndi bala pa nthaka, ndipo zomera ndizo zimalipoletsa. Pakhoma dzalani kapinga tsiku lomwe mwamaliza, agwire dothi. Kunja kwa khoma ndi m'mbali mwa kamtsinje, mzere wa vetiva. Mizu yake imalowa pansi molunjika, siyanga m'mbali, ndipo udzu wake mudzafolera khola. Ku kadzenje ka matope kuja ndiko kwa zomera zokonda kuponda m'madzi: gumbwa pang'ono, njedza, koko. Zimasefa madzi asanalowe m'dziwe. Bango ndi lokongola ndipo mudzalukira mphasa, koma ndi lolanda malo. Mukalilekerera zaka ziwiri dziwe lonse ndi lake. Lidzaleni kumunsi, kumene madzi amatulukira. Kumunsi komweko ndiko kwa nthochi, nzimbe, nsenjere za mbuzi, ndi mabedi a mpiru, bonongwe ndi kholowa. Mitengo ya mthunzi monga mbawa ndi mkuyu ikhale patali ndithu, mbali ya kumwera, ithandize kutchinga mwera. Bulugamu asayandikire n'komwe.

Dzalani mosakaniza, zazitali kumbuyo, zazifupi kutsogolo, m'magulumagulu, ndipo musiye malo ena opanda kanthu. Zina zidzabwera zokha. Atombolombo adzafika sabata yoyamba, achule sachita kuitanidwa, nantchengwa adzabwera kudzayendera. Ameneyo ndi kakowa muwayang'anitsitse nsomba zikadali zazing'ono. Zingwe zingapo zomanga modutsa pamwamba pa madzi zimawasokoneza potera.

Pali chomera chimodzi chimene ndikukupemphani, mafumu, muchiletse m'midzi mwanu: namasupuni. Duwa lake ndi lokongola, ndipo munthu akaliona mu Shire amafuna kutengako kamodzi akaike padziwe pake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kwawo ndi ku South America, ndipo amaswana moti m'masabata ochepa madzi onse aphimbika, dzuwa osalowa, nsomba n'kufa. Zomera zoyandama zoterezi ndi zimene zakhala zikutseka makina a magetsi ku Nkula. Ofuna duwa la pamadzi dzalani kakombo wa m'madambo mwathu momwemu, tsinde limodzi kapena awiri mumphika womiza pansi, kuti asafalikire.

Nsomba nazo chimodzimodzi: za kwathu zokha. Makumba ndiwo amapirira kwambiri m'dziwe ndipo amaswana okha. Chilunguni chimadya masamba, ndiye kholowa ndi masamba a chinangwa ofota ndi chakudya chake; kakombo wanu uja chidzamudyanso, musadzadabwe. Chambo chimakula bwino m'dziwe lakuya. Mlamba umakula msanga koma umadya ana a anzake, ndiye umafuna mwini wodziwa chimene akuchita. Ikani nsomba ziwiri kapena zitatu pamalo alionse a mita imodzi mbali zonse, osapitirira. Chakudya ndi madeya, ndipo chachikulu ndi madzi obiriwira: manyowa a nkhuku kapena a mbuzi m'thumba lomiza pakona. Pisani mkono mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chikuoneka bwinobwino, onjezerani manyowa, ngati chasowa musanafike m'chigongono, chotsani thumbalo. Kuno kotentha nsomba zimakula msanga kuposa ku Dedza kapena kumapiri a Zomba. Mwayi umenewo ndi wanu.

Ulimi wa nsomba si wachilendo m'dziko muno. Ku Domasi, m'boma la Zomba, boma linayamba kuyesa maiwe a nsomba m'zaka za m'ma 1950, ndipo mpaka lero ndiko kuli likulu la ntchitoyi. Bungwe la ICLARM, limene pano likutchedwa WorldFish, linagwira ntchito ndi alimi a ku Zomba, ndipo chimene chinaoneka n'chakuti phindu la dziwe silithera pa nsomba: dimba la m'mbali mwake limadyetsa banja chilala chikavuta. Sukulu ya zansomba ya Mpwepwe ili m'boma lathu lomwe lino. Choncho mbewu ya nsomba funsani kwa alangizi, osagula kwa munthu wongodutsa ndi chigubu panjinga. Zifukwa ndi ziwiri. Mu 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda za nsomba, otchedwa EUS, ndipo amayenda ndi nsomba, madzi ndi maukonde ochokera kwina. Chachiwiri, nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse padziko, n'chifukwa chake UNESCO inaika paki ya ku Cape Maclear pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Ku nyanja ya Victoria anthu anaikamo nsomba yachilendo, Nile perch, m'zaka za m'ma 1950, ndipo mitundu yambirimbiri ya nsomba za komweko inatheratu. Kuno nsomba ya carp inabwera m'zaka za m'ma 1970, boma n'kudzailetsa poopa zomwezo. Dziwe lililonse la kwa Makanjira likasefukira, madzi ake amathera m'nyanja. Chimene mwaika m'dziwe mwaika m'nyanja. Ndibwereze: chimene mwaika m'dziwe mwaika m'nyanja.

Mfundo yachisanu, yomaliza, ndipo ndiyo yolemera: likodzo, udzudzu ndi ana.

Wina anganene kuti, bambo inu, mukutiuza tisunge madzi pakhomo pamene achipatala amatiuza tikwirire zithaphwi. Funso limenelo ndi lanzeru, ndipo dziwe losasamalidwa ndi chithaphwi chachikulu ndithu. Udzudzu umaikira mazira m'madzi osaya, odekha, opanda nsomba: m'mapondo a ng'ombe, m'mayenje oumbira njerwa, m'udzu wa m'mphepete mwa madzi. M'dziwe lakuya, la m'mbali moyera, lokhala ndi nsomba, mphutsi zake zimadyedwa. Ndiye kukongola ndi umoyo apa zimakokana, ndipo chigamulo changa ndi ichi: zomera zichuluke kukamtsinje, kunja kwa khoma ndi kumunsi, koma m'mphepete mwa madzi a dziwe lenilenilo muzimweta, udzu usagwere m'madzi. Timaiwe ta m'kamtsinje tisasunge madzi oima kupitirira masiku anayi kapena asanu. Madzi akaleka kuyenda, tiboolereni tiume. Ndipo neti ndi yogonamo. Musaisandutse khoka kapena mpanda wa dimba.

Likodzo tikulidziwa tonse m'mbali mwa nyanja muno, mpaka ena anafika poganiza kuti mnyamata kukodza magazi ndi chizindikiro cha kukula. Ndi matenda, ndipo akakhalitsa amawononga chikhodzodzo, impso ndi njira ya ubereki, kwa amuna ndi akazi omwe. Kuyambira 2017 akatswiri apezanso m'gombe la Mangochi nkhono zofalitsa likodzo la m'matumbo, limene kale silinkadziwika kuno. Mvetsetsani kayendedwe kake. Munthu wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira amaswa, tizilombo n'kulowa mu nkhono. Mu nkhonomo timachulukana, n'kutuluka, n'kuboola khungu la aliyense woponda m'madzimo. Nkhono payokha sibadwa ndi likodzo. Kawirikawiri amaipatsa ndi munthu. Choncho chachikulu n'kuteteza dziwe kuti musalowe mkodzo kapena chimbudzi cha munthu. Lamulo la pakhomo likhale lomveka kwa ana ndi alendo omwe: m'dziwe sitisamba, sitichapa, sitikodza. Polowamo kukakolola valani majombo. Nkhono mukaziona pansi pa masamba a kakombo, tolani ndi sefa mupatse abakha. Kamodzi pachaka phwetsani dziwe, muwaze laimu, koma lomata dongo lija lisaume mpaka kung'aluka. Ndipo mankhwala a praziquantel akabwera kusukulu, ana amwe, musawabise kumunda.

Chotsiriza ndi mpanda. Mwana wongoyamba kuyenda amamira m'madzi ofika m'mawondo a munthu wamkulu, ndipo amamira mwakachetechete, mayi ali pomwepo akupeta mpunga. Mpanda wa bango kapena nsungwi, wokhala ndi chitseko chomangika, umangidwe madzi asanalowe. Ndikuti madzi asanalowe, osati mawa lake. Amene alibe mphamvu yomanga mpanda asakumbe dziwe; akumbe kamtsinje kokha, kathere m'phando la nthochi, ndipo adzakhala atachedwetsa madzi ndithu.

Pempho langa kwa mafumu ndi lakuti mudzi uliwonse usankhe khomo limodzi, la munthu wakhama, pamalo a dongo, poti tiyambirepo, ena adzaonere pamenepo zolondola ndi zolakwika zomwe. Kwa inu nonse, dzinja likubwerali musakumbe kanthu kupatula dzenje loyesera dothi lija. Yendani m'mvula, muone kumene madzi akudutsa, mukhome zikhomo. Mwezi wa Meyi ukafika muitane alangizi adzayeze, kenako makasu atuluke.